Mlomo wa Veronika

Ng'ombe ya ngolo itam'baya Veronika ndi nyanga pa tsaya, mu 1998, anakam'soka pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo ku Mlonyeni. Wosokayo anali ndi anthu ambiri pamzere. Bala litapola, chipsera chinakokera mlomo m'mwamba, moti Veronika ankaoneka ngati akumwetulira, kaya akupalira fodya, kaya akudwala malungo.

Kumsika sizinkavuta. Vuto linali pamaliro. Iye ndiye ankayambitsa nyimbo m'siwa, pafupi ndi bokosi penipeni, ndipo tsiku lina olira ochokera ku Chipata anafunsa kuti mayi akusekayo ndi ndani. A Tereza, wapampando wa amayi a mumpingo, anamuitanira kuseri n'kumupempha mwaulemu kuti azithandizako kotunga madzi. Veronika anamvetsera akumwetulira. Anatunga madzi a pamaliro zaka zitatu.

Zitamveka kuti ku Lilongwe kwabwera madokotala okonza nkhope, mwamuna wake Vitus anam'kweza pa njinga mpaka kokwerera minibasi. Dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anafotokoza kuti acheka chipseracho mokhotakhota n'kulumikizanso khungu kuti lileke kukoka. Chipsera sichidzatha, anatero, koma mlomo udzatsika. Veronika anati chipseracho chikhale, palibe amene chinam'lakwira.

Tsiku lochotsa ulusi dokotala anam'patsa galasi.

"Tamwetulirani tione, mayi."

"Ndamwetulira zaka zitatu, adokotala. Tione kaye zinazo."

Anagwetsa nkhope ngati munthu amene walandira uthenga woipa. Mbali zonse ziwiri zinatsika mofanana. Dokotala analemba kuti zayenda bwino.

Kumudzi kunatha miyezi iwiri popanda womwalira, ndipo Veronika sanauze munthu kuti akudikira. Kenako anatisiya a Alufeyo, bambo wachikulire amene sankalankhulana naye n'komwe. Veronika anapita ndi ndowa yake monga mwa masiku onse, koma m'malo molowera kuchitsime anaitula pakhomo pa siwa, n'kuima pomwepo. A Tereza anamuyang'ana pakamwa nthawi yaitali ndithu, ngati akusankha chitenje pamsika. Kenako anasendera pamphasa.

"Khalani apa, make Mwayi. Nyimboyi atiyambira pamwamba, tonse makosi atha."

Veronika anakhala pansi, nadikira kuti ndime ithe, nayambitsa ina pansi pake. Amayi anavomera. Ndowa ija anaitenga wina.