Nsonga Zomwe Bambo Anatsuka

Anthu a mumsewu umenewo ankamutchula Namawaya, chifukwa ankakonza mafoni ndi mawailesi m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba yake. Mayi ake atamwalira, anawatenga bambo ake kuti azikhala nawo. Mkuluyu anagwira ntchito yopukuta ziwiya m'hotela mpaka imvi mbuu, ndipo kungokhala manja lende kunkawadwalitsa.

Tsiku lina Namawaya anapita kukagula zipangizo. Pobwera anapeza nsonga zonse za chowotcherera chake, chitsulo chotentha chija chosungunulira mtovu polumikiza mawaya, zitayalidwa pansalu, zikuwala ngati masupuni atsopano.

"Zinali bii ngati zagwera pamoto," anatero bambo ake. "Ndaziviika m'mankhwala otsukira m'bafa aja. Taona mwanawe mmene zayerera."

Namawaya anayang'ana botolo la mankhwalawo, naona kuti anali a asidi. Koma chimwalirireni mayi anali asanawaonepo bambo akumwetulira choncho, ndiye anangoti, "Zikomo, Bambo," n'kuzitsukuluza ndi madzi iwo atatuluka.

M'mawa mwake mtovu unayamba kukana. Ukasungunuka unkangogubuduka osagwira pansonga. Atayang'ana ndi galasi lokulitsa anaona timaenje ting'onoting'ono. Nsonga imakhala ya kopa m'kati, kunja yokutidwa ndi chitsulo chopyapyala. Asidi anali atadya chitsulocho, ndipo tsopano mtovu wotentha unkafwifwinya kopa wam'katiyo. Pasanapite nthawi nsonga yomwe ankaidalira inabooka ngati dzino lovunda.

Anakakamirabe kugwira nayo ntchito. Pokonza foni ya namwino wina, anachedwetsa chowotcherera pamalo amodzi podikira kuti mtovu ugwire, kanjira ka magetsi ka m'fonimo n'kumatuka. Anathera masana onse akulumikiza ndi kawaya kowonda ngati tsitsi, namwinoyo ataima pakhomo akumuponyera diso.

Namawaya atagula nsonga zina, bambo anatulukira ndi botolo lija m'manja.

"Zatsopanozi nazo zayamba kuda. Bweretsa kuno."

Apa panalibenso kozembera. Anawakokera mpando, n'kuwapatsa galasi ndi nsonga yobooka ija. Mkuluyo anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndine ndachita zimenezi?"

"Ndi mankhwalawo, Bambo. Nanenso ndinalakwa kukhala chete."

"Ukanandiuza tsiku lomwelo. Ukundiyesa dzira ine?"

Namawaya anayatsa chowotcherera. Chitatentha anapukuta nsonga pasiponji yonyowa, naipaka mtovu pang'ono asanaibweze pamalo pake. Anawafotokozera kuti mtovu wotsalirawo ndiwo umaitchinjiriza ku dzimbiri.

"Ndiye kuti ntchito yakoyi, ukamaliza kutsuka umapakanso litsiro?" anafunsa bambo. "Kuhotela akanakuchotsa lisanalowe dzuwa."

Anaseka onse awiri, ngakhale mkuluyo tsiku limenelo sanadye bwino.

Kuyambira pamenepo Namawaya akamasula foni ankawapatsa chikuto chake kuti apukute ndi kansalu kouma ndi kamswachi. Ntchitoyo mkuluyo anaigwira ndi mtima wonse, moti anayamba kudzudzula makasitomala. Anamuuza dalaivala wina m'maso muli gwa kuti foni yake yadzaza mafuta ngati chiwaya, ndipo munthu wamkulu sayenda ndi chinthu chotere m'thumba. Dalaivalayo anapepesa, nalonjeza kuti asintha.