Mphatso ya Mlamu

A Tjakko Venema anayamba kuimba limba m'tchalitchi cha m'mudzi mwawo, kumpoto kwa mzinda wa Groningen, mutu wawo ukadali ndi tsitsi. Limbalo lili m'mwamba, kokwera ndi masitepe ozungulira ndi opanikiza, pomwe chimbudzi chili panja, kuseri kwa manda. Amene anamanga tchalitchicho ayenera kuti anali anthu a m'mimba mwabwino.

Vuto linayamba ndi chibayo. Mankhwala amene anawapatsa anathetsadi chibayocho, koma anapheratu ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo, n'kusiya kamodzi kankhanza kakuswana popanda wokaletsa. Bambowo anatsegula m'mimba miyezi yambirimbiri. Akamwa mankhwala ena munkakhala bata masiku ochepa, kenaka n'kuyambiranso. Lamlungu lina anasiya salimo pakati n'kutsetsereka pamasitepe, mpingo n'kumaliza wokha, aliyense ndi liwiro lake. Akulu a mpingo, anthu osadziwa kuzungulira polankhula, anawauza maso ndi maso kuti akalephera kumaliza mapemphero a Pasaka, agula makina oimba okha. Mawuwo anawapweteka kuposa m'mimbamo, chifukwa pampando wa limba ndi pokhapo pamene ankadzimva kuti ndi munthu wathunthu.

Kuchipatala cha m'tauni anakumana ndi Dokotala Bouwman, mayi wa matenda a m'matumbo amene ankanena zinthu zoopsa ndi nkhope yosatekeseka.

"Tili pa kafukufuku wina, bambo," anatero dokotalayo. "Timatenga chimbudzi cha munthu wathanzi, timachisungunula, timasefa, n'kuchifikitsa m'matumbo mwanu kudzera m'kachubu ka m'mphuno. Tizilombo take tabwino timakathamangitsa koipako. Ambiri akuchira."

"Mwati chimbudzi cha munthu?"

"Cha munthu woyezedwa bwino."

"Ndiye m'mphuno?"

"Kachubuko kamatsika mpaka m'matumbo. Simumva kanthu."

A Tjakko anaganiza za makina aja, navomera.

Kupeza wopereka ndiye kunavuta. Akazi awo, a Geesje, anali atangomwa kumene mankhwala a dzino opha tizilombo, choncho madokotala anawakana. Abale ena anayezedwa n'kugwa mmodzimmodzi. Wopambana anali a Roelf, mchimwene wa a Geesje, mlimi wa mbatata amene moyo wake wonse wadya nyemba, buledi wakuda ndi chambiko. Mwa anthu onse a m'dziko muno, uyu ndiye amene a Tjakko sakanamusankha, poti awiriwa sankatha kumwa khofi limodzi osanyogodolana.

"Alamu," anatero a Roelf atamva zotsatira, akusisita mimba, "zaka zonsezi mwakhala mukunena kuti mwa ine simutuluka chanzeru. Lero madokotala akutsutsani."

"Musadzitame. Sanayeze mutu."

Mphatsoyo inkafunika kufika isanagone, ndiye tsikulo a Roelf analawirira kuchita mbali yawo, n'kupalasa njinga molimbana ndi mphepo mpaka m'tauni. M'zikwama za njingayo munali majumbo awiri ofanana. M'limodzi munali kabotolo ka kuchipatala, m'linalo keke ya zonunkhira, chifukwa kuno munthu sapita kukaona wodwala chimanjamanja. Pakhomo anapereka jumbo limodzi kwa namwino, amene anathamanga nalo koyezera, ndipo linalo anafika nalo pabedi n'kulipereka kwa mlongo wawo mwaulemu wonse.

A Tjakko anali chigonere, kachubu kali m'mphuno, njala ya kuyambira dzulo ikuwapotokola. Anayang'ana jumbolo mosirira. A Geesje analimasula, anasuzumiramo, n'kulimanganso pang'onopang'ono.

"Achimwene," anatero modekha, "namwino uja mwamupatsa chiyani?"

A Roelf asanayankhe, Dokotala Bouwman analowa akupukuta nyenyeswa pamilomo.

"Keke ndi yabwino kwambiri, bambo," anatero. "Taiyeza tonse. Koma zimene tikufuna mulibemo."

A Roelf anafiira mpaka m'makutu. A Tjakko anaseka, kuseka kwawo koyamba chiyambireni kudwala, mpaka kachubu kankagwedezeka ndipo namwino anawapempha kuti akhale chete kasanatuluke. Jumbo loyenera linapita koyenera, ndipo pofika masana zonse zinali zitatheka.

Masiku otsatira a Tjakko ankayenda mochenjera, akumvetsera m'mimba mwawo ngati munthu womvetsera galu wa eni ake kuseri kwa mpanda. Munali zii. Anadya mbatata, munali zii. Anayesa tchizi, chimodzimodzi. Komabe sanakhulupirire, chifukwa matendawo anali atawanamizapo kambiri.

Pa Pasaka anakwera masitepe mtima uli m'mwamba. Tchalitchi chinadzaza, ndipo abusa, poona anthu ochuluka chotero, anaganiza zowalalikira za chaka chonse. A Tjakko anakhala manja ali pamaondo, akudikira kupotokola kwa m'mimba kuja. Ulaliki unatalika, ana anagona, akulu anayamwa maswiti awo mpaka kutha, koma kupotokolako sikunabwere. Anaimba salimo lomaliza ndime zake zonse, abusa anadalitsa, anthu anayamba kutuluka kupita kukamwa khofi, iwo n'kuyamba nyimbo yotulukira. Itatha anayamba ina.

A Geesje atadikira pansi osawaona anachita mantha, poganiza kuti mwina zawachitikira pampando ndipo akuchita manyazi kutsika. Anakwera masitepewo akupumira m'mwamba. Anawapeza amuna awo akuimba m'tchalitchi chopanda munthu, misozi ikutsika m'masaya, nkhope ili ndi chimwemwe chokhachokha.

"Muli bwino, bambo?"

"Ndili bwino, amayi."

"Ndiye tsikani, khofi akuzizira. Komanso achimwene akuuza aliyense kuti theka la nyimbo za lero ndi lawo."

"Alekeni, sakunama," anatero a Tjakko, zala zili pa limba. "Koma musandiuze zotsika. Chaka chino ndatsika mokwanira."

A Geesje anakhala pa sitepe yomaliza, navula chipewa, n'kuwasiya aimbe.