Kanyali Kofiira

A Mawaya anagwada kutsogolo kwa seva, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo a chipatala, diski yatsopano ili pantchafu, n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Madiski analipo asanu ndi atatu, ondondozana m'timakabati tawo, iliyonse ndi kanyali kake kochepa ngati mutu wa machesi. Tinyali tisanu ndi tiwiri tinayenera kukhala tobiriwira, kamodzi kofiira. Koma iwo ankangoona timadontho totuwa, tonse tofanana.

Dzina la Mawaya anawapatsa ndi anamwino, poti kwa zaka makumi awiri akhala akukwawa kudenga kwa chipatalachi, mawaya ali paphewa. Mafayilo onse a odwala anali m'makina amenewa: gulu la magazi a munthu, mankhwala amene amamuwenga, tsiku la opareshoni yake. Makinawo anapangidwa mwakuti diski imodzi ikafa, enawo amasenza katundu wake mpaka yatsopano italowa, popanda kuzimitsa chilichonse. Koma imodzi yokha basi. Ukasolola yamoyo m'malo mwa yakufayo, zonse zimagwa nthawi yomweyo, ndipo kuzidzutsa kumadya masiku awiri, mawodi ali odzaza.

Manambala sakanawathandiza. Kompyuta inkati yakufa ndi yachitatu, koma chisamutsireni makinawo chaka chatha, zingwe zakumbuyo zinalumikizidwa mosemphana. Chonena zoona chinali kanyali kokhako.

Maso anayamba kuwathawa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Sanauze munthu, ngakhale mayi akunyumba. Zilembo za pakompyuta anazikulitsa mwakachetechete. Abwana awo akanangomva, eee, mawa lake kalata yopumitsa ntchito ikanakhala ili patebulo. Nanga munthu wa zaka zawozo akanalowera kuti?

Anagwira chogwirira cha diski yachitatu. Anali ndi mantha, ndipo manyazi ndiye anaposa manthawo.

Chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali sisitala wamkulu wa kuwodi ya ana, mayi wa msinkhu wawo, yemwe chibadwire sanaphunzirepo kunong'ona.

"A Mawaya, makina anuwa lero agwidwa nyamakazi kapena? Zotsatira za magazi a mwana ndikuzidikira kuyambira m'mawa. Mwagwada apo, mukukonza kapena mukupemphera?"

"Ndikukonza, sisitala."

"Nanga thukuta lonselo, muno mukuzizira chonchi?"

A Mawaya akanatha kuseka n'kunena kuti pitani, pompano zitheka. Mawuwo anafika pakamwa ndithu. Koma m'mutu mwawo munabwera mwana wosamudziwayo, ali gone pabedi, amake atakhala pambali kudikira yankho lomwe linali m'madiski amenewa.

"Sisitala," anatero, "tayandikirani. Tandiuzani, kanyali kofiira ndi kati?"

Sisitala anayang'ana tinyalito, kenako anayang'ana a Mawaya kwa nthawi yaitali.

"Simukukaona?"

"Sindikukaona."

"Kachisanu," anayankha motsitsa mawu. "Kuchokera kumanzere."

Dzanja lawo linali likadali pa yachitatu. Analichotsa pang'onopang'ono ngati lagwira mbaula yamoto. Sisitala anagwira chala chawo n'kuchiika pamalo pake. A Mawaya anadina kabatani, chogwirira chinatseguka. Anakoka pang'ono, nadikira kuti diskiyo isiye kuzungulira, kenako anaisolola yonse, ili yofunda. Yatsopano inalowa bwinobwino mpaka inalira kuti khethe. Pamenepo sanafune maso, manja ankaidziwa okha ntchitoyo.

"Kayamba kuphethira," anatero sisitala. "Kobiriwira."

"Ndiye kuti madiski enawo ayamba kuigawira katundu. Pofika madzulo zikhala zitabwerera m'chimake."

Sisitala anakonza chipewa chake.

"Ine sindinaone kanthu, achimwene. Ndinangobwera kudzadandaula basi. Pakamwa panga simutuluka mawu."

Zinawakhudza mtima a Mawaya. Mayiyu ankawapatsa ntchito yawo m'manja, yathunthu, popanda wina wodziwa. Akanangoti zikomo, nkhani ikanathera m'chipinda momwemo. Anatembenuka kuyang'ana mzere wa timadontho totuwa.

"Lero munabwera, sisitala. Nanga tsiku lina?"



A Mawaya anadzuka, mawondo akulira, n'kutulutsa foni m'thumba. Anaiyandikitsa kumaso, anaitalikitsa, anaiyandikitsanso. Kenako anaipereka ndi manja awiri.

"Tandipezereni nambala ya abwana anga."

Sisitala anaipeza, koma chala chake chinaima m'mwamba. "Mwatsimikiza?"

"Imbani."

Anadina, n'kuwaikira foniyo pakhutu. Uko inayamba kuitana.