Wotsala Pamwamba

"Ndiye mukuti mwanayo mawa asabwere?" anafunsa Mayi Luzviminda, namwino wa pasukulupo, ataima pakhomo la ofesi.

Ahedi, Bambo Villareal, sanadzutse n'komwe mutu. Ankasusa buledi wa pandesal m'khofi, nyenyeswa zili yoyoyo pamalaya.

"Tsiku limodzi lokha, Mayi. Mawa tikuyeserera kuthawa chivomezi pamaso pa akuluakulu a zamaphunziro. Akufuna kudzaona ana onse ali pabwalo msangamsanga. Nanga ndi chikuku chake chija tidzatsika liti?"

Mwanayo anali Jocelle, mtsikana wopuwala miyendo, ndipo kalasi yake inali m'chipinda chapamwamba. Bambo ake ankamubereka m'mawa kukwera naye masitepe, n'kupita kukanyamula anthu pa njinga yamoto, kudzamutsitsa poweruka. Tsiku lonse analibe womunyamula. Namwinoyu anali atalankhula mpaka kukamwa kuuma: tsitsani kalasiyo pansi, apo ayi sankhani aphunzitsi awiri oti azimunyamula zikavuta. Yankho linali lomwe lija la anthu osafuna chinthu, lakuti tiona.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Mayi," anatero ahedi.

"Chivomezicho munachiuza kuti nacho chidekhe?"

Ahedi anangoseka n'kumutuma kuti akawauze makolo a mwanayo. Mayi Luzviminda anatuluka, koma uthengawo sanakaunene.

M'mawa mwake Jocelle anabwera monga mwa masiku onse. Alendo atakhala pamthunzi, belu linalira. Ana analowa pansi pa madesiki, kenako anandanda n'kuyamba kutsika, mabuku ali pamutu. Kunena zoona, zinali zokongola. Namwino anathamangira pamwamba n'kukumana ndi Bambo Efren, mphunzitsi wa kalasiyo, akutsekera mzere.

"Aphunzitsi, gwirani uku timutsitse."

"Msana wanga mukuudziwa ndinu, anesi. Komanso za uyu sanandiuze," anayankha akutsika.

Mayi Luzviminda anayesa kumubereka yekha. Koma Jocelle sanali khanda, ndipo mayiyo anali wochepa thupi, zaka zitapitanso. Asanafike n'komwe pamasitepe mphamvu zinamuthera, moti anabwerera n'kumukhazika pa chikuku chake ali wefuwefu. Manyazi ndi mkwiyo zinamugwira limodzi.

Pansi, mawu a Bambo Efren anamveka bwinobwino: "Kalasi yanga yonse yatuluka, bwana." Alendo anawomba m'manja.

"Musavutike, anesi," anatero Jocelle akukonza siketi yake. "Ndinazolowera. Chivomezi chinagwedeza chaka chatha chija, ndinangogwira desiki n'kutsinzina mpaka anzanga anabwerera."

"Unali wekha muno?"

"Eya. Koma sindinawauze adadi, angandiletse sukulu."

Tsiku limenelo namwinoyo anali pabwalo, kalikiliki kumanga mabala a ana amene anagwa pothawa, osadziwa kuti pamwamba patsala munthu. Anakankha chikuku mpaka pakhonde, pamene bwalo lonse linkaoneka.

Ahedi atawaona, nkhope inagwa. Anayamba kukupiza dzanja chobisa kuti abwerere m'kalasi, koma mayiyo sanasunthe. Ndiye ahediwo anaitana ndi mawu okoma aja osungira alendo.

"Mayi Luzviminda, tatsikani. Alendo athu akufuna aone bokosi la mankhwala."

"Sindingathe, ahedi," anayankha mosakuwa, koma aliyense anamva. "Ine ndi Jocelle denga latigwera kale. Auzeni alendowo kuti amwalira ndi awiri."

Ana mazanamazana anatembenuka kuyang'ana m'mwamba, ena mabuku akadali pamutu. Bambo Efren anaweramitsa nkhope ngati wataya singano.

Namwino ankadziwa kuti mawu amenewa adzamutsata mpaka ku ofesi, mwinanso kumusamutsa pasukulupo. Anakoka kampando ka ana, n'kukhala pambali pa Jocelle, kudikira kuti aone amene ayambe kukwera masitepe.