Mlatho wa Msambankhunda

Tsiku la bajeti a Jerome ankavala taye. Osati kuti ankapita kwinakwake ayi. Ankangokhala pakhomo pa kachipinda kawo ka lendi ku Cosmo City, foni ataitsamiritsa pa chitini cha shuga, n'kumamvetsera nduna ya zachuma ya ku Malawi ikuwerenga momwe boma ligawire ndalama chaka chimenecho. Ku fakitale ya makatoni ku Kya Sand ankapempheratu tchuthi, ndipo kapitawo wa kumeneko anatopa kalekale kufunsa chifukwa chake. Anzawo a pabwalopo ankawaseka kuti madala akutha ndalama za foni pomvera anthu amene sakudziwa n'komwe kuti ku Joni kuli munthu wotchedwa Jerome. Iwo ankangogwedeza mutu, maso ali pa foni.

Anthu osekawo sankadziwa kuti mabuku a bajeti aja, akuluakulu ngati njerwa, a Jerome anawasindikiza ndi manja awo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Analowa ntchito ku nyumba yosindikizira mabuku a boma ku Zomba mu 1972, ali mnyamata wa ndevu zowerengeka. Ntchito yawo inali kusanja zilembo za mtovu, mzere ndi mzere. Bajeti ikayandikira ankawatsekera m'nyumbamo masiku anayi kuti chinsinsi chisatuluke, chakudya n'kumawapatsira pa windo ngati akaidi. Koma ukaidi wake unali wokoma bwanji! Tiyi wa mkaka wosawerengera, buledi wopaka majarini mbali zonse ziwiri, ndipo potuluka ankayenda mu msika wa Zomba atatukumula chifuwa, podziwa kuti mtengo wa palafini ukwera mawa pamene dziko lonse silikudziwa. Makompyuta atabwera mu 1995 anawauza kuti zikomo kwambiri, ndipo patapita zaka zinayi anakwera basi ya ku Joni. Fungo la inki lija ankalisowa kuposa momwe ankasowera abale awo ena.

Kumapeto kwa Meyi wa 2013, nduna ili pakati pa kuwerenga za misewu, Mainesi anatuluka m'chipinda choyandikana nacho atagwira bambo ake pa mkono kuti awothe dzuwa. Mainesi anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, ndipo Malawi ankangomumva. Anabwera ku Joni mu 2008 n'kupeza ntchito ya m'nyumba ku Randburg, kenako anakatenga bambo akewo, a Fainos, amene anachoka kwawo mu 1955 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, osabwererakonso. Tsopano mutu unali utayamba kuwathawa. Ankaiwala kuti adya, ankamutcha Mainesi dzina la malemu mkazi wawo, ndipo mmawa uliwonse ankapinda bulangete lawo bwinobwino n'kukhala nalo pamiyendo, kudikira galimoto yowatengera kwawo.

“Kodi baba akuti kwawo n'kuti?” anafunsa a Jerome, atachepetsako mawu a foni.

“Eish, malume, ndi pamene pali nkhani,” anayankha Mainesi. “Boma sakulikumbukira, mfumu sakuikumbukira. Dzina ndi limodzi basi. Ndafunsa kutchalitchi, ndafunsa a mabasi ku Park Station, ndasaka pafoni, palibe amene akulidziwa. Mwina ndi zamumutu mwawo.”

“Dzina lake?”

A Fainos anayankha okha, momveka bwino ngati mwana wa sukulu amene wafunsidwa funso lomwe akulidziwa. “Msambankhunda.”

A Jerome anazimitsa foni nduna isanamalize, chinthu chimene anali asanachitepo. Zala zawo zinayamba kuyenda zokha pa bondo ngati zikusanja zilembo.

Dzinalo ankalidziwa ngati dzina la mwana wawo. M'buku la bajeti munali mizere ina yobwera chaka ndi chaka, ndipo mizere yotereyi sankaiphwasula. Ankaimanga ndi kachingwe n'kuisunga mu dirowa, chaka chotsatira n'kungosintha manambala a kumapeto. Mzere wa mlatho wa Msambankhunda, m'boma la Ntcheu, unali m'dirowa la a Jerome zaka khumi ndi zinayi. Chaka choyamba unali ndi makwacha zikwi makumi anayi. Kenako makumi asanu ndi limodzi, kenako zikwi zana, mpaka a Jerome anachita kufinya zilembo kuti ziro wina alowe. Anzawo ankautcha mlatho wa Jerome. Pamwamba pake pankakhala mzere wa msika wa Kachipapa, pansi pake mzere wa dibi la ng'ombe, ndipo poti zinthu zinkalembedwa motsata msewu, mlathowo unayenera kukhala kutsogolo pang'ono kwa msikawo.

“Si zamumutu, mwanawe,” anatero a Jerome. “Malowo alipo. Ndawasindikiza ine.”

Mainesi anakhala pansi pa simenti yozizira ija n'kuphimba nkhope ndi chitenje. A Fainos ankangoyang'ana uku ndi uku, osadziwa chimene chikuliza mwana wawo.

Mapepala a ulendo anadya miyezi inayi. Atatheka, Mainesi anaitana Nasibu, munthu wa ku Mangochi amene ankanyamula katundu wa anthu kuchoka ku Joni kupita kumudzi pa minibasi yokoka ngolo. Nasibu anali wa mawu ochepa ndiponso wosakhulupirira zinthu msanga. Msika wa Kachipapa anati akuudziwa, anatsitsapo firiji ya munthu chaka china. Koma kutsogolo kwake anali asanapiteko.

“Funso langa ndi limodzi, madala,” anatero Nasibu atatsamira chitseko. “Mlathowo ulipo? Galimoto yanga ndi yolemera, ndipo agogowa kuyenda mtunda sangathe. Ngati kulibe mlatho nenani, tisavutitse munthu wodwala masiku atatu pamsewu, kenako n'kukabwerera pamtsinje.”

“Ulipo,” anatero a Jerome.

“Munauona?”

“Sindinauone. Koma mu 1986 mzere uja sunabwerenso. Ndinafunsa akuluakulu, anati sungunula mtovu wake, sukufunikanso. Iwe, chinthu chimachoka m'buku la boma chikatha kumangidwa. Ndalama zaka khumi ndi zinayi, ukuganiza kuti zinkapita kuti?”

Nasibu anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waona misewu yambiri. A Jerome anapsa mtima mpaka makutu kutentha. Anamuuza kuti iye ndi mwana wa dzulo, wabadwa nthawi ino ya mabiliyoni osaoneka kumene akupita, sakudziwa nthawi imene kwacha inali kwacha, pamene boma likalemba kuti chipatala, mawa lake anthu ankayamba kuumba njerwa. Anafotokozanso kuti tsiku limene anasungunula mzere uja anagulira anzake onse mandasi, n'kunena kuti lero anthu a ku Msambankhunda awoloka mapazi ali ouma. Anayankhula motalika, ndipo kunena zoona, zina mwa zimene ananenazo ngakhale iwo eni ankadziwa kuti akuzikometsera.

Mainesi ndi amene anadula nkhani. “Malume anena kuti ulipo. Tipita, sharp.”

Ananyamuka Lachiwiri mmawa, mu Okotobala. A Fainos anawakhazika kutsogolo, bulangete lawo pamiyendo, ndipo galimoto itafika sanadabwe ngakhale pang'ono. Mainesi anali atapempha tchuthi cha milungu iwiri kwa abwana ake, amene anamuuza mosabisa kuti akachedwa apeza wina. A Jerome anaimirira pageti mpaka ngolo ija inakhota pakona.

Ndi pamene mantha anawagwira. Kwa zaka zonsezi nkhani ya mlatho inali yawoyawo, yokoma kuikumbukira, yosavulaza munthu. Tsopano nkhalamba yodwala inali pamsewu chifukwa cha mawu awo. Ku fakitale ankapinda makatoni mokhota mpaka kapitawo anawafunsa ngati akudwala. Anayamba kukumbukira zinthu zimene sankafuna kuzikumbukira: mizere ina imene inachoka m'buku chaka cha chilala, sukulu ya kwawo ku Domasi imene anaisindikiza katatu koma ana ankaphunzirabe pansi pa mtengo wa mango. Zimenezi ankazidziwa kuyambira kale, kungoti ankaziika kumbuyo kwa mtima. Lachitatu Mainesi analemba kuti awoloka Beitbridge. Lachinayi analemba kuti ali ku Tete, kukutentha, baba sakudya ndipo akufunsa kuti abwerera liti ku famu. A Jerome anawerenga uthengawo kasanu, chakudya chawo cha masana n'kupatsa mnzawo.

Foni inalira Lachisanu, nthawi yopuma masana. Anatuluka panja, kuseri kwa mulu wa makatoni, kumene phokoso la makina linkachepako.

“Malume, ndine Mainesi.”

“Mwafika? Mlatho mwaupeza?”

“Kulibe mlatho, malume.”

A Jerome anakhala pansi pa thabwa.

“Kuli zipilala ziwiri za simenti, china chinamera mtengo pamwamba. Anthu akuti zinamangidwa iwo ali ana, amisiri anapita osabweranso. Nasibu anaimitsa galimoto pamchenga, akuti apa ndiye pothera.”

“Ndikhululukire, mwana wanga,” anatero a Jerome. “Ndakunamiza. Ndazunza bambo ako pachabe. Ine ndimangoona mapepala, sindinapiteko n'kamodzi komwe.”

“Dikirani, malume, sindinathe. Njira yonse baba sanazindikire kanthu. Msewu wa tara sakuudziwa, magolosale sakuwadziwa, msika wa Kachipapa anangouyang'ana ngati ali ku Randburg. Ndinati basi, ndawachotsa ku Joni kudzawasocheretsa kwina. Ndiye titaima pamtsinje paja, ine ndikukangana ndi Nasibu zobwerera, tangoona chitseko chatseguka. Baba atsika okha. Ayang'ana madzi, ayang'ana miyala. Kenako akhala pansi, avula nsapato, apinda buluku mpaka m'mawondo.”

“Okha?”

“Okha, malume! Munthu amene ndimamuveka malaya ine. Ndathamanga kuti ndiwagwire, andikankha dzanja. Akuti, ‘Iwe ndiwe mlendo kuno, tsata ine. Ponda apa. Mwala uwo usaponde, ndi woterera, unagwetsa amayi ndi dengu la mapira.’ Mwala uliwonse akuudziwa. Awoloka, ine pambuyo, madzi m'mawondo. Kutsidya sanafunse munthu njira, angokhotera kumanzere, kukwera kamtunda.”

Kumbuyo kwa mawu a Mainesi kunkamveka anthu ambiri, wina akululutira, mbuzi ikulira. A Jerome anakanikiza foni kukhutu.

“Panopa tili pabwalo la mwana wa mchimwene wawo. Mchimweneyo anamwalira kale, koma ana ake ankamva kuti kuli Fainos amene anapita ku Rhodesia. Awapatsa mpando. Anditchula dzina langa, malume. Akuwauza anthu kuti uyu ndi Mainesi, mwana wanga wachitatu.”

A Jerome anatsamira mulu wa makatoni uja. Misozi inkatsikira m'ndevu, ndipo sanadziwe ngati akulirira a Fainos, kapena mnyamata uja wa ku Zomba amene anagula mandasi kusangalalira mlatho wa m'dirowa. Belu lobwerera ku ntchito linalira, iwo osasuntha.

“Malume, mukundimva?”

“Ndikumva, mwanawe.”

“Musadandaule za mlatho wanuwo. Akanaumanga, tikanangodutsa pamwamba pa galimoto, baba osadziwa kuti afika kwawo.”