Malo a Munthu Wamtali

A Yoramu ankakonda kunena kuti mawondo awo enieni anawasiya pansi pa ring'i ya basiketibo ku Mbare, ndipo awa akuyenderawa ndi obwereka. Ukanawaona akutsika masitepe a mafulati m'mawa, dzanja lina pakhoma, lina litapanira mpira m'khwapa, sukanawatsutsa. Pa unyamata wawo anali senta, wamtali uja amaima pansi pa ring'i n'kumalandira zigongono za anthu onse, poti mutu ukakula sulewa nkhonya. Tsopano anali kochi wa timu ya basiketibo ya anyamata a m'mafulati, ntchito imene palibe anawalemba ndipo palibe akanawachotsa, chifukwa panalibe wina woifuna. Anali atatopa, ndipo kutopako sikunkatha ndi tulo.

Bwalo lawo linali la simenti yong'aluka. Waya wa mpanda anabedwa kalekale, moti kumtunda bwalo linkangothera mumsewu wa makombi, timabasi tonyamula anthu. Kumunsi, kuseri kwa ring'i yokhayo imene inali yosapindika, amayi amalonda anayalako matebulo awo. Tebulo loyambirira linali la Mai Tecla, mayi wa matimati, wa mawu omveka mpaka ku Musika, msika waukulu wa ku Mbare.

Chaka china mnyamata wina anaponya mpira ali patali. Mpirawo unamenya chitsulo, n'kudumpha, n'kukatera pakati pa milu ya matimati. Mai Tecla anawagwira a Yoramu malaya pamaso pa ana, n'kuwauza mawu amene munthu sungawabwereze pa Chichewa ngakhale pa Chishona. Mwezi womwewo mpira wina unagubuduzika kulowa pansi pa kombi n'kuphulika ngati mfuti, timu n'kukhala nthawi yaitali ikuthamanga chimanjamanja. A Yoramu anaonapo chinthu chimodzi: mpira woponyedwa patali ukaphonya umathawira kutali. Ndiye anafunika munthu wamtali woti aziima pansi pa ring'i n'kumauwakha usanafike kwa Mai Tecla.

Koma munthu wamkulu sangauze ana kuti akuopa mayi wa matimati. Choncho lamulolo analiveka jekete.

"Wamtali malo ake ndi pansi pa ring'i," ankatero. "Mulungu wakupatsa makwerero, iwe n'kumafuna kugenda ngati wamfupi?"

Analinena kwa zaka zambiri mpaka eniake anayamba kulikhulupirira.

Nasiri anafika pabwalopo ali kamnyamata kamiyendo ngati nsungwi. Agogo ake anachokera ku Mangochi, ndipo ngakhale ndi anzake ankalankhula Chishona, kwa a Yoramu ankayesetsa Chichewa cha kunyumba, chaulemu, chosakaniza apa ndi apo. Anakula mpaka kumawerama polowa pakhomo la mzikiti. Anali ndi manja ofewa, ogwira mpira ngati dzira, ndipo sankadziwa kuyankha munthu wamkulu. A Yoramu anamuika pansi pa ring'i, iye n'kukhazikika pomwepo. Kunena mosapsatira, Nasiri ndiye anakhala mpanda uja unabedwa.

Tsiku lina a Yoramu anafika msanga n'kumupeza ali yekha kunja kwa mzere wokhota, uja woti ukagoletsa uli kuseri kwake amakupatsa mapointi atatu. A Yoramu anaima kuseri kwa mtengo wamagetsi n'kumayang'ana. Mnyamatayo ankaponya mosadziwa, zigongono zili balalabalala, koma mpira unkachoka m'manja mwake mokoma, ndipo ina inkalowa. Mtima wa a Yoramu unadumpha pang'ono. Kenaka wina unamenya chitsulo n'kulunjika kumatebulo. Nasiri anauthamangira n'kuugwira utatsala pang'ono kufika, Mai Tecla atadzuka kale, manja ali m'chiuno.

"Ukutani?" anafunsa a Yoramu.

"Kochi, ndimaona pafoni. Masiku ano masenta akuponya ali panja. Ena ndi aatali kuposa ine."

"A pafoniwo ali ndi mipira ingati?"

Nasiri anayang'ana pansi.

"Iwe uli ndi ntchito imodzi, ndipo ukuitha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndikadzakuonanso uko, usadzabwerenso pano."

"Chabwino, kochi. Pepani."

Ndipo sanabwerezenso. Ana ena ukawaletsa chinthu amakachitira kuseri, ndipo nthawi zina n'chimene chimawapulumutsa. Nasiri sanali wotero.

Atamaliza sukulu, malume ake a Amini, amene ankakweza katundu pamabasi a kumidzi ku Musika, anabwera pabwalo. Analankhula ndi a Yoramu ataima, poti onse awiri akanakhala pansi kudzuka kukanavuta.

"Bambo Yoramu, mwanayu ndamupezera malo kumabasi. Malo sadikira munthu."

"Muloleni kaye akayesedwe. Kalabu ina ya m'tauni ikusankha anyamata Loweruka. Amene amutenga amamulowetsa koleji, mpira akusewera, sukulu akuphunzira."

A Amini anamuyang'ana mphwawo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu.

"Akakutenga, pita, ndipo ndidzathokoza Mulungu. Akakusiya, Lolemba ndikupeze kumabasi kusanache bwino. Mayi ako atopa."

Loweruka anakwera makombi awiri kupita kutsidya la mzinda. Holo ya kalabuyo inali ya pansi pa matabwa onyezimira, ndipo pakhomo panali ngolo yodzaza mipira. Ina inkangogubuduzika m'mbali mwa khoma popanda woithamangira. A Yoramu anaiyang'ana mipirayo, ndipo zinawapweteka.

Wosankha anyamata anali Lovejoy, bambo wa ndevu zometa bwino amene ali mnyamata anaonererako a Yoramu akusewera. Anawapatsa moni wa manja awiri, n'kumuyang'ana Nasiri, kenaka n'kuloza anyamata awiri amene ankadziwongola pakona. A Yoramu anawayeza ndi maso. Ku Mbare Nasiri ankayang'ana aliyense pamutu, koma awa ankamupitirira, ndipo mapewa awo anali ngati zitseko.

"Mudhara, pansi pa ring'i ndili nawo kale awo," anatero Lovejoy. "Wanuyu ndi wopepuka, miyendo ili bwino. Ndikufuna wamtali woima panja, woti akaponya aziwakoka akuluakuluwa kuwachotsa pansi. Amaponya?"

"Dzanja ali nalo," anayankha a Yoramu. Silinali bodza, koma anamva kutentha kumaso.

Masewera atayamba, Lovejoy anamuimika Nasiri kunja kwa mzere wokhota. Anaima pamenepo ngati mlendo woti sanapatsidwe mpando. Mpira unamupeza koyamba, iye n'kuupereka msanga kwa mnzake ngati ukuotcha. Unamupezanso, n'kuuperekanso. Mnyamata womutchinga sanachedwe kuzindikira. Anayamba kubwerera m'mbuyo, kumusiya yekhayekha, mpaka anafika pomukodola ndi chala kuti ponya tione.

Mpira unabweranso. Panalibe munthu pafupi. Ring'i inali apo, yowongoka, ya ukonde woyera, ndipo kuseri kwake kunali khoma lokhalokha. Nasiri sanayang'ane ring'i. Anatembenuka n'kuyang'ana a Yoramu pabenchi.

"Ponya, mwanawe," anatero a Yoramu, ndipo anadzuka mofulumira kuposa mmene mawondo ankalolera. "Ponya!"

Koma mawu a tsiku limodzi sangafute a zaka. Thupi la mnyamatayo linali litapita kale kumene linazolowera. Anagunditsa mpira pansi n'kulowa pakati pa zitseko zija, ndipo mmodzi anangoumenya ndi chikhatho, mpira n'kukagwera pabenchi. Zinachitikanso kachiwiri. Lovejoy anangopinda manja.

Chakumapeto Nasiri anaponya ndithu. Anaponya ngati munthu amene akuba, mapewa ataumitsa, maso ali theka kwa kochi. Mpira unakhudza chitsulo n'kudumphira kumbali. Ndiye mnyamatayo, osaganiza n'komwe, anasiya munthu wake, n'kuthamanga kudutsa bwalo lonse, kutuluka mzere, n'kukaudumphira mpirawo kuseri kwa ring'i usanagunde khoma. Anauwakha bwino kwambiri, atagwada, ataukumbatira pachifuwa. Anyamata a m'tauni anaseka, osamvetsa kuti akupulumutsa chiyani. A Yoramu okha ndiwo anadziwa, ndipo anakhala pansi.

"Mwanayu ndi womvera, mudhara," anatero Lovejoy pambuyo pake, mokoma mtima. "Akanabwera ataponyako chaka chimodzi chokha, ndikanamutenga lero lomwe. Koma ndilibe nthawi yomuyambitsa, ndipo chaka chamawa zaka zake zidzakhala zitapyola."

M'kombi pobwerera, Nasiri anakhala mawondo atafika pachibwano. Kombi inadutsa m'tauni. A Yoramu ankadikira kuti mwanayo awanene, awafunse, ngakhale kuwayang'ana moipa. Zikanawapepukira.

"Pansi paja ndinayesetsa monga munandiphunzitsira, kochi," anatero Nasiri atayandikira ku Mbare. "Kungoti anyamata aja ndi akuluakulu. Pepani ndakuchititsani manyazi."

A Yoramu anayang'ana pawindo.

Lolemba a Yoramu anapita pabwalo dzuwa litakwera. Anaima kutsogolo kwa tebulo la matimati, chipewa chili m'manja, mtima ukugunda ngati mwana wa sukulu. Chichokereni tsiku la malaya lija, anali asanalankhulepo ndi mayiyo kupatula moni.

"Mai Tecla, ndili ndi pempho. Tebulo lanuli, kodi silingasunthire uko, pansi pa mtengo? Ndikufuna anyamata aziponya ali patali."

Mai Tecla anawayang'ana, n'kuyang'ana mtengowo.

"Basi? Nkhani yake ndi yomweyo?" Anayamba kale kulongedza matimati m'kreti. "Apa dzuwa limandiwoletsera katundu tsiku ndi tsiku. Ine ndimangokhalapo poti ndinazolowera. Mukanandiuza kalekale, sekuru. Gwirani uko."

Ananyamulizana tebulo lija, ndipo linali lopepuka modabwitsa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, amatero, koma apa mbewa inali moyo, wofera kuuna anali mwana wa eni. A Yoramu anayang'ana malo opanda kanthu kuseri kwa ring'i, n'kunyamula mpira, n'kuuyamba wa ku Musika.

Kumabasi kunali fumbi, utsi wa dizilo ndi mahwindi, anyamata oitanira mabasi, akukuwa mayina a midzi. Nasiri sanavute kumupeza, poti mutu wake unkayandama pamwamba pa anthu onse. Anali atavala ovolosi ya malume ake yothera m'miyendo. Pamwamba pa basi yakale panali munthu womanga katundu, ndipo pansi anthu anali atapanikizana pamakwerero moti kunalibe podutsira.

"Kochi," anatero Nasiri, n'kupukuta manja asanawapatse moni. "Mwabwera kudzakwera?"

"Tebulo lija lachoka. Kuseri kwa ring'i kulibe kanthu tsopano. Ukhoza kumabwera, uziponya mmene ungafunire."

Nasiri anamwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wapatsidwa malaya oti anamuthina kale.

"Zikomo, kochi. Koma kuno timayamba kusanache, timaweruka mdima utagwa. Pabwalo paja magetsi sayaka." Anaganiza pang'ono kuti asawakhumudwitse. "Mwina Lamlungu lina, malume akandilola."

Onse awiri ankadziwa kuti Lamlungu ndi tsiku limene mabasi amadzaza kwambiri.

Wa pamwamba uja anaimba mluzu. Mayi wina anali ndi chimtolo cha zovala chomangidwa m'chitenje, ndipo basi inali itayamba kale kulira. Nasiri anachinyamula, n'kuona kuti pamakwerero sangafike. Anabwerera m'mbuyo, kutali ndithu, kuseri kwa gulu lonse. Sanayang'ane munthu aliyense. Anapinda mawondo pang'ono, n'kuchikankha ndi nsonga za zala. Mtolowo unakwera pamwamba pa mitu ya anthu, n'kukhota bwinobwino m'mwamba, n'kukatera m'manja mwa munthu uja, iye osasuntha phazi.

"Iwe mufana, kuyambira m'mawa sunaphonye," anakuwa wa pamwambayo akuseka. "Anakuphunzitsa kuponya ndani?"

Nasiri anali mwana woleredwa bwino, wodziwa kuti ulemu umapita kwa akulu. Anatembenuka n'kuloza ndi dzanja lonse bambo wotopa uja anaima m'fumbi, mpira uli m'khwapa.

"Ndi awa," anatero. "Kochi anga."