Migolo ya Malemu

Nyundo inalira, loko n'kugwa pansi.

"Alamu, nkhata sizinafote kumanda, inu mwafika kale ndi nyundo?" anatero mayi wamasiyeyo, mawu atasasa ndi kulira.

Mlamuyo sanacheuke. Anakankha chitseko cha shedi momwe malemu mkulu wake ankaphwanyira mabatire akutha a mafoni, n'kuviika ufa wake wakuda mu asidi kuti atulutsemo chitsulo chodula chotchedwa kobalti. Fungo lomwe linadya mapapo a malemuyo linali likadali m'makoma.

"Migoloyi ndi ya kwathu. Wogula ndamupeza kale."

"Kwanu kuti? Mmene ankasanza magazi, beseni ankagwira ndi akwanuwo?"

Mwana wamkulu wa mayiyo, mtsikana amene anaphunzira ntchitoyo kwa bambo ake, anaima kutsogolo kwa migolo.

"Bambo aang'ono, umenewo musaukhudze. Asidi wake akadali waukali."

Mbama inalira. Mtsikanayo anagwera pamulu wa mabatire, mlomo utang'ambika. Mayiyo anatola chitsulo chotakasira n'kumukhoma nacho mlamuyo pamsana. Iye anatembenuka, namugwira pakhosi, n'kumumenyetsa kukhoma mpaka m'maso munachita mdima.

"Ndikuphani pompano, mumutsatire mwamuna wanuyo!"

Anamutaya pansi n'kukumbatira mgolo woyamba kuti autulutse. Sankadziwa kuti zivindikiro za m'shedimo sizimangidwa, amangoziika pamwamba kuti mpweya uzituluka. Madzi ofiirira anakhavukira m'manja ndi pachifuwa.

Anakuwa ngati mbuzi yomwe akuizinga.

Mayiyo anadzuka pang'onopang'ono, akusisita khosi. Anamuyang'ana munthuyo akuvinavina, malaya atamata pakhungu. Anayang'ananso magazi pachibwano cha mwana wake. Mtima unamuuza kuti amusiye apse.

"Vulani malayawo, chitsiru inu! Iwe, tsegula madzi."

Anamukoka ndi lamba mpaka panja, kuseri kwa chitseko komwe kunali mpopi, n'kumugwetsa m'matope.

"Mukachira musadzapondenso pano. Shediyi ndi ya mwanayu. Mwamva?"

"Ndamva, alamu, ndamva! Thirani!"

Mpopiwo unali wofika m'mawondo. Mlamuyo anachita kugwada, kupinda khosi, kuti madzi amufike pachifuwa.

"Mpopi wanji uwu, wapansi chonchi?" analira.

"Mkulu wanu anaikira ana, kuti aziufikira akakhudza asidi," anatero mayiyo. "Anu omwe aja, akamabwera kudzasewera kuno."

Anagwada naye m'matopemo, namugwira mkono, n'kuusunga pamadzipo.